Musanalandire kiyi ya njinga yamoto ya hayala kudziko la eni

Kuno ku Chipata njinga yamoto si chinthu chachilendo. Imanyamula matumba a feteleza kupita nawo ku Chiparamba, imathamangitsira wodwala kuchipatala usiku, imadutsa m'tinjira ta ku Vubwi ndi ku Chadiza momwe galimoto singayerekeze nyengo ya mvula. Ndiye munthu wa kuno akapita kukapuma kunja, kaya kunyanja ku Salima atagulitsa soya ndi mtedza, kaya ku Zanzibar, kaya ndi mmodzi mwa amalonda athu amene amafika mpaka ku Thailand, akaona chikwangwani choti pano tikubwereketsa njinga, mtima umangoti izi ndiye zathu zomwe. Kuyendetsa amadziwadi. Chimene chimaliritsa ambiri ndi mapepala, ndiponso theka la ola limene anayenera kulithera poyang'ana njingayo koma analithera ponenerera mtengo.

Tiyambe ndi laisensi, chifukwa apa ndi pamene ambiri a ife tili ofooka. Ochuluka anaphunzirira njinga pabwalo la mpira la kumudzi ndipo ayenda nayo zaka opanda pepala lililonse. Ena ali ndi laisensi ya galimoto ndipo amaganiza kuti ikukwanira. Laisensi imene RTSA, bungwe loona za pamsewu kuno ku Zambia, imapereka imatsata magulu a SADC: B ndi ya galimoto yaing'ono, A1 ndi ya njinga yosapitirira 125cc, A ndi ya njinga yoposa pamenepo. Tulutsani khadi lanu muone chilembo chimene chilipo. Ngati pali B yokha, pamaso pa lamulo inu si woyendetsa njinga, ngakhale mutakhala katswiri chotani. Ngati pali A1, Boxer ya 150cc kapena Yamaha NMAX ya 155cc si yanu. Obwereketsa ambiri safunsa zimenezi, iwo maso ali pa ndalama ya tsikulo. Adzafunsa ndi wapolisi wa pa rodibuloko, ndipo pambuyo pake a inshulansi, tsiku limene mwagunda munthu. Ofesi ya RTSA ili m'tauni momwe muno. Amene akudziwa kuti adzafuna njinga paulendo ayambe kulondola gulu A miyezi ingapo ulendo usanafike.

M'mayiko a SADC monga Malawi, Mozambique ndi Tanzania, mlendo wa masiku ochepa amayenda ndi laisensi ya ku Zambia. Kupitirira apo mufunika International Driving Permit, kabuku kamene mumatengeratu kuno musananyamuke. Kabukuka sikalowa m'malo mwa laisensi. Kamangomasulira zimene zili pa khadi lanu, ndipo chidindo chimamenyedwa pa magulu okhawo amene muli nawo kale, kotero muziyenda ndi zonse ziwiri. Ku Zanzibar kuli lamulo lawo lapadera: mlendo amafunika chilolezo chakanthawi cha pachilumba pomwepo, chimene obwereketsa amakutengerani mukawapatsa laisensi yanu. Mukachilandira, onani ngati alembapo njinga yamoto.

Nkhani ya inshulansi ndiyo imene anthu amanamizidwa nayo kwambiri. Mwini njinga akanena kuti “ili ndi inshulansi”, nthawi zambiri akunena ya third party, imene imalipira munthu amene mwamugunda kapena katundu wake, ndipo ili ndi malire a ndalama. Mwendo wanu mulibemo. Njingayo mulibemo. Ikaphwanyika kapena kubedwa, mlandu uli pa inu. Pemphani kuona pepala lenilenilo, muone tsiku lothera ndi nambala ya njinga. Ngati munagula inshulansi ya paulendo, tsegulani gawo lonena za njinga zamoto muwerenge mofatsa. Makampani ambiri amakana kulipira chipatala ngati munalibe laisensi ya gulu loyenera, ngati munalibe chipewa, ngati munamwako, ndipo ena salola njinga yoposa 125cc pokhapokha mutawonjezera ndalama. Izi n'zolemera, abale anga, chifukwa kudziko la eni kulibe mlamu wobwera ndi phala kuchipatala, ndipo kunyamula munthu wothyoka ntchafu kumubweretsa kwawo kumadya ndalama yoposa ulendo wonse.

Tsopano mgwirizano. Pasipoti musaisiye ngati chikole, ngakhale mwini njinga atanena kuti aliyense amatero. Akakhala nayo m'dirowa, mtengo uliwonse umene angatchule pa kamkwalasa ka pa pulasitiki mudzalipira, chifukwa basi kapena ndege yanu siidikira. Siyani fotokope ndi ndalama ya dipoziti, mulandire lisiti yosainidwa. Akakana, pitani kwina. Pa pepalalo pakhale dzina ndi foni ya mwini, nambala ya njinga, ola lobwezera, malire a dera limene mukuloledwa kufika, ndi amene alipire tayala likaphulika kapena injini ikafa yokha. Tsiku limodzi kwa ena ndi maola 24, kwa ena limatha dzuwa likalowa, lembani ola. Funsani mitengo ya galasi, indiketa, chogwirira buleki ndi pulasitiki ya m'mbali, ailembe pomwepo, popeza zimenezi ndi zimene zimasweka njinga ikangogwa chogona. Ndipo ku Malawi samalani ndi chinthu chimene mlendo wa dziko lina sangakumane nacho: ndalama zathu zonse ziwiri ndi kwacha, koma kwacha imodzi ya kuno ndi makwacha makumi angapo a kumeneko. Pa lisiti pasalembedwe K yokha. Alembe MWK kapena ZMW.

Ena amaganiza zongobwereka njinga ya mnzawo kuno n'kuwoloka nayo pa boda ya Mwami kupita ku Malawi. Zimatheka, ndipo chiyambire 2022 maofesi a mayiko awiriwa ali pamalo amodzi, koma njinga ya mwini imafuna kalata yake yokulolani kutuluka nayo, white book (buku la umwini wa njinga), chilolezo cha apolisi, pepala lolowetsera njinga kwakanthawi ku Malawi, ndi inshulansi yogwira ntchito kumeneko, kaya COMESA Yellow Card kaya yogula pa boda. Kwa masiku atatu kapena anayi n'kwapafupi kuwoloka pa galimoto n'kukabwereka komweko. Chimodzimodzinso njinga yobwereka ku Mchinji kapena ku Lilongwe musabwere nayo kuno kudzera njira za zalewa, zozemba boda, poti mukungokaona amayi. Ikagwidwa ilibe pepala loti inalowa, mlandu wake ndi wolowetsa katundu mozembetsa.

Mapepala akatheka, musathamangire kiyi. Yatsani kamera ya foni, mwini njinga ali pompo, muzungulire njinga yonse pang'onopang'ono: pulasitiki iliyonse, nsonga za zogwirira, magalasi, paipi ya utsi, pansi pa injini, mpando, nambala, makilomita a pa mita, mlingo wa petulo. Paliponse pali mkwalasa lozani ndi chala n'kutchula mokweza. Vidiyoyo mumutumizire pa WhatsApp nthawi yomweyo kuti tsiku ndi ola zikhale umboni kwa nonse. Yerekezani nambala ya chasisi, imene pa njinga zambiri imadindidwa pakhosi pa fulemu, ndi ya pa mapepala. Zikasiyana, njingayo isiyeni. Simudziwa kumene inachokera.

Kenako matayala, chifukwa moyo wanu wonse wakhala pa tizigawo tiwiri ta labala tosaposa chikhatho. M'mizere ya tayala muli timizere topingasa totukuka pang'ono. Tayala likadyeka mpaka kufanana nato, latha. Yang'anani ming'alu m'mbali. Pambali pomwepo pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2321 ndi sabata ya 23 ya 2021. Tayala lopitirira zaka zisanu limauma, ndipo pa tala yonyowa limatsetsereka ngakhale mizere ikuoneka. Mpweya musauyese ndi chala. Mlingo wake umalembedwa pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni kapena pansi pa mpando. Pa njinga za mtundu wa Boxer umakhala cha pa 25 psi kutsogolo ndi 28 kumbuyo, ndipo mukanyamula munthu kumbuyoko kumafuna cha pa 32. Tayala lofewa limatentha, limagwedeza njinga pokhota, ndipo likagunda dzenje limu imatsina chubu n'kuiboola malo awiri.

Ikani njinga pa sitandi yapakati. Gwirani tayala lakumbuyo mulikankhire uku ndi uku. Likamagwedera, maberingi atha. Menyani masipoko ndi kiyi mmodzimmodzi: yolimba imalira bwino, yomasuka imangoti phu. Tcheni ikankheni ndi chala pakatikati pa masipuroketi awiri; iyenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30. Yothina kwambiri imadya maberingi ndipo ikhoza kuduka mukalowa m'dzenje, yomasuka kwambiri imavuka n'kumanga tayala mukuthamanga. Mano a sipuroketi akakhala osongoka ndi opindikira mbali imodzi, tcheni idzalumpha pokwera phiri. Kutsogolo, pitirizani chala pa mipope iwiri ya mashokapu. Mukapeza oyilo, masiilo aphulika, ndipo oyiloyo amatsikira pa buleki. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga chamtsogolo kangapo. Mukamva kugogoda pakhosi, maberingi a chiwongolero amasuka.

Buleki yakutsogolo ikafinyidwa isafike pogunda chogwirira. Ngati ndi ya disiki, suzumirani mapadi: nyama yake ikachepera mamilimita 2 auzeni asinthe, ndipo mafuta a m'kabokosi ka pa chiwongolero akhale pamwamba pa mzere wapansi. Chogwirira chikamamveka chofewa, muli mpweya m'paipi. Ngati ndi ya dramu, onani nati yosinthira kumapeto kwa waya kapena ndodo. Ikakhala yomangidwa mpaka kumathero, mashuzi atha ndipo palibenso pomangira. Oyilo wa injini muyeseni njinga itaima chilili. Injini zazing'onozi zimangotenga lita imodzi kapena kucheperapo, choncho kupereweza pang'ono ndi kwakukulu. Khudzani injini musanailize. Njinga yabwino imalira yozizira. Mukapeza aitenthetseratu inu musanafike, funsani chifukwa chake. Utsi wabuluu ndi chizindikiro choti ikudya oyilo. Malizani ndi nyali yaikulu, nyali ya buleki pa mabuleki onse awiri, maindiketa ndi hutala, kenako muyende nayo mamita 200 mumsewu wopanda anthu musanasaine.

Kumalo ambiri a alendo, makamaka ku Zanzibar, ku Thailand ndi ku Bali, sadzakupatsani njinga ya magiya imene munazolowera. Adzakupatsani sikuta, monga Honda Click kapena NMAX, ndipo apa katswiri wa Boxer ndi amene ali pangozi kuposa wophunzira kumene. Sikuta ilibe kilachi, ilibe giya, ilibe buleki ya phazi. Chogwirira cha kumanzere, chimene dzanja lanu lazolowera kuchifinya mpaka kumapeto ngati kilachi, pa sikuta ndi buleki yakumbuyo. Mbuzi ikadumphira mumsewu, dzanja limachita zimene linaphunzira, tayala lakumbuyo limamangika, njinga imagona. Pezani bwalo muyeseze kuima kakhumi kapena kuposa, manja onse awiri akufinya pamodzi mofatsa, mpaka phazi lamanja litasiya kufunafuna buleki pansi. Sikuta zambiri sizilira ngati sitandi yam'mbali ili pansi kapena ngati simunafinye buleki podina sitata. Anthu amaimbira mwini kuti njinga yafa pamene vuto ndi lomweli. Mukamaikankha ili chilirire, dzanja lisakhale pa chogwirira chopatsira mafuta, chifukwa ikangopotoka pang'ono imanyamuka yokha n'kukukokani.

Matayala a sikuta ndi aang'ono, mainchesi 14 kapena kucheperapo pamene a Boxer ndi 17, ndiye dzenje limene kuno mumalidutsa osaganiza, sikuta imalowamo yonse. Kutsetsereko nakonso imachita zachilendo. Liwiro likatsika kwambiri, kilachi yake yam'kati imamasuka yokha, injini imasiya kugwira, kulemera konse kumatsalira mabuleki. Pa mtsetse wautali ngati wa ku Golomoti, wotsika kuchokera kumapiri a Dedza kupita kunyanja, mabuleki ofinyidwa mosalekeza amatentha n'kusiya kugwira. Finyani mwamphamvu pang'ono, masulani, finyaninso, ndipo mukamva fungo lopserera imani azizire. Pa njinga ya magiya tsikani ndi giya yachiwiri. Chizolowezi chathu chozimitsa injini pamtsetse pofuna kusunga petulo chisiyeni kunyumba. Funsaninso kayendedwe ka magiya: njinga zina onse amatsika pansi, zina yoyamba ili pansi ndipo enawo m'mwamba, ndipo kusokoneza zimenezi mukuthamanga kumamanga tayala.

Chipewa cha hayala kawirikawiri chimakhala chachikulu, chakale, lamba wake wothyoka. Chivaleni, mangani lamba mpaka pangolowa zala ziwiri pansi pa chibwano, kenako chikokeni kuchokera kumbuyo. Chikavuka, chidzavukanso pogwa. Yang'anani chizindikiro cha ECE kapena DOT, chosonyeza kuti chikukwanira muyezo wa chitetezo, ndipo tsegulani nsalu ya m'kati muone ngati choyera chofewacho sichinasweke, popeza ndicho chimamwa mphamvu ya kugunda. Amene ali ndi chipewa chake chabwino kuno anyamule, pamodzi ndi magolovesi, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza zikhatho. Kunyanja kumatentha ndipo mtima umafuna kabudula ndi patapata, koma tala imasenda khungu mofanana kulikonse. Valani jinzi ndi nsapato zotseka. Amayi amene akukwera kumbuyo akulunge chitenje bwino kuti chisalendewere ku tcheni kapena ku masipoko, ndipo atsikire kumanzere. Paipi ya utsi ili kumanja, imaotcha katumba kamodzi n'kamodzi. Zikachitika, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira, ndipo musalowe nacho m'nyanja chilondacho.

Mbali yoyendera mumsewu siivuta m'mayiko otizungulira ambiri. Malawi, Mozambique, Tanzania, Kenya, Zimbabwe ndi South Africa amayenda kumanzere ngati ife, chimodzimodzi Thailand, Indonesia ndi India. Koma DR Congo, Angola, Rwanda ndi Dubai amayenda kumanja. Kumeneko munthu salakwitsa ali pakati pa magalimoto ena. Amalakwitsa potuluka pa filing'i siteshoni kapena m'mawa msewu uli wopanda kanthu, thupi n'kubwerera ku mbali ya kwawo. Mangani kansalu pa galasi lakumanja kokukumbutsani, ndipo pa raundabauti tsatirani galimoto ya patsogolo.

Mchenga ndiwo umagwetsa anthu ambiri m'tinjira ta ku Senga Bay ndi Cape Maclear. Mukaulowa, khalani chakumbuyo pa mpando, giya yotsika, mafuta osasinthasintha, maso patsogolo kumene mukupita. Chiwongolero chidzagwedezeka, chisiyeni chisewere, musalimbane nacho, ndipo buleki yakutsogolo musaikhudze. Wokwera kumbuyo atsike ayende pansi pamalo oipawo. Zausiku ndiye tingonena mwachidule: musayende. Ngolo za ng'ombe zopanda nyali ndi njinga zakapalasa zonyamula makala zimene mumazidziwa pa msewu wa ku Lundazi ziliponso pa M12 yochokera ku Mchinji ndi pa M14 yopita ku Salima, koma kumeneko simudziwa pamene pali dzenje kapena mlatho wopapatiza.

Petulo muwerengereni. Thanki ya Boxer imatenga malita 11, ya Honda Click 5.5 okha, ndipo muli awiri ndi katundu musayembekeze zoposa makilomita 35 mpaka 40 pa lita. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Senga Bay ndi makilomita oposa 100, ndiye sikuta singapite n'kubwerera ndi thanki imodzi. Ku Malawi zaka zapitazi mafuta akhala akusowa nthawi ndi nthawi, choncho thirani paliponse pamene mwapeza thanki ikafika theka. Wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu nthawi zina amasakanizidwa ndi palafini kapena madzi. Kwezani botolo padzuwa: madzi amakhala pansi, osiyana ndi petulo. Palafini amachititsa injini kugogoda ndi kutentha. Ngati njinga ili ndi kampopi ka mafuta, onani kuti kali pa ON. Mukayenda kali pa RES, ikadzazima ndiye kuti mulibiretu dontho.

Kiyi imene mwapatsidwa si yokhayo. Mwini ali ndi ina, ndipo kumalo ena a alendo zimamveka kuti njinga imatengedwa usiku ndi kiyi yachiwiriyo, m'mawa mlendo n'kuuzidwa kuti agule yatsopano. Obwereketsa ambiri ndi anthu oona mtima, koma loko wanuwanu ndi tcheni n'zotsika mtengo. Kiyani chiwongolero, mangani tayala ku chitsulo, ndipo usiku ilowe mumpanda wa malo ogona pamene pali mlonda. Mapepala a njinga musawasiye pansi pa mpando.

Ngozi ikachitika, woyamba ndi wovulala. Musamuvule chipewa ngati akudandaula khosi kapena wakomoka koma akupuma. Jambulani malo njinga isanasunthidwe, imbirani mwini, ndipo pitani kupolisi mukatenge lipoti ngakhale winayo akukunyengererani kuti mungokambirana, chifukwa popanda lipoti a inshulansi salipira. Anthu akayamba kuunjikana mwaukali, pitani molunjika ku polisi yapafupi mukadzinenere nokha. Musasaine pepala la chilankhulo chimene simukumva. Malisiti onse a kuchipatala sungani. Njinga ikangowonongeka yokha panjira, imbani kaye musanaipereke kwa makaniko. Eni ambiri salipira ntchito imene sanavomereze, ndipo ena amati mwasinthitsa zitsulo zawo.

Pobweza, fikani kukuwala, patatsala ola lathunthu, osati basi yanu itayamba kale kuliza hutala. Petulo akhale pa mlingo umene munaupeza. Pukutani fumbi kuti pasapezeke chobisika, jambulaninso vidiyo mwini akuona, muiyerekeze ndi yoyamba ija. Ngati pali chimene mwaswa, lipirani mtengo umene unalembedwa pa mgwirizano. Dipoziti ya ndalama muiwerenge pomwepo, ndipo mwini alembe pa lisiti kuti njinga yabwezedwa bwino, asaine ndi kuika tsiku. Ngati anagwira ndalamayo pa khadi la kubanki, akupatseni kapepala kosonyeza kuti aimasula. Imatha kutenga masiku angapo, nthawi zina milungu, isanaonekenso mu akaunti, choncho kapepalako ndi mavidiyo onse awiri musazifufute mpaka italowa.